Khutu Langa Silinalembedwe Paliponse

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinaphunzira kusunga pakamwa. Amene anandiphunzitsa ndi amalume anga a Binwelo, mlongo wawo wa amayi, ndipo anandiphunzitsa bwino kwambiri moti mpaka lero, ndili mayi wa ana awiri, phunzirolo silinandichoke.

Kwathu kunali m'mudzi wa asodzi kumpoto kwa Senga Bay, moyang'anana ndi chilumba cha Mbenji. Abambo anali ndi bwato la matabwa ndi ukonde waukulu wophera utaka, ndipo pamudzipo ankatchedwa munthu. Amayi anali a ku Chinguluwe, kwa alimi a mpunga. Anabwera kunyanja pa chitengwa, kutanthauza kuti anasiya mudzi wawo n'kudzakhala kwawo kwa mwamuna, kutali ndi abale amene akanamva kukuwa kwawo. Ana tinalipo awiri: ine Felista, ndi mlongo wanga Madalitso amene nthawi imeneyo anali akukwawa.

Anzanga ankawerenga chaka ndi Khirisimasi ndi matchuthi a sukulu. Ine ndinkawerenga ndi Mbenji. Mvula ikatha, chilumba chinkatsegulidwa ndipo abambo ankanyamula ukonde, ufa ndi bulangeti n'kukakhala komweko miyezi yambiri, kumangobwera mwa apo ndi apo kudzatula nsomba. Miyezi imeneyo amayi ankanenepa. Ankaimba akamasesa, ankaseka mokweza ndi amayi anzawo pa mjigo, ndipo ine ndinkagona tulo tofa nato. Koma mitambo ikayamba kuda, chilumba chinkatsekedwa kuti nsomba ziswane, asodzi onse n'kubwerera kumtunda. Anthu ankayang'ana kumwamba n'kumathokoza Mulungu chifukwa cha mvula, koma ine ayi. Ndinkadziwa kuti abambo akubwera kudzakhala, ndipo adzakhala mpaka chimanga chiche.

Chimene chimandipweteka mpaka pano ndi ichi. Pachilumba paja pali malamulo, ndipo ndi okhwima. Mkazi sapondapo, mowa sulowa, juga ndi ndewu n'zoletsedwa, ndipo wophwanya amamukweza m'bwato n'kumubweza kumtunda anzake akuona. Abambo anakhala pachilumbapo zaka zambirimbiri osabwezedwapo ngakhale kamodzi. Kumeneko ankatha kukhala miyezi osalawa kachasu, osakweza dzanja pa munthu. Ndiye musandiuze kuti anali munthu wolephera kudzigwira. Ankadzigwira pamene panali lamulo ndi anthu olilondera. Tiana ta utaka tinali ndi miyezi yathunthu yotetezedwa ndi mfumu ndi alonda ake, pamene ine ndi Madalitso tinalibe ngakhale tsiku limodzi.

Amalume a Binwelo anabwera kunyanja akutsatira mlongo wawo, chaka chimene mpunga wawo unakokoloka ndi madzi. Abambo anawapatsa malo m'bwato, kuti azikoka nawo ukonde. Anali munthu wansangala, wokonda kutinyamula paphewa, ndipo ankandiyitana kuti “mayi wanga wamng'ono”. Mwa mwambo wathu iwowo ndiwo anali mwini mbumba, mwini wake wa ine ndi Madalitso, woyenera kutilankhulira paliponse pakagwa nkhani. Analinso nkhoswe ya amayi, munthu wokhala pakati banja likamagwedezeka. Zonsezi zinali zoona. Koma n'zoonanso kuti chakudya chawo chinali m'bwato la abambo, ndipo palibe anaonapo chachilendo pamenepa.

Tsikulo linali Loweruka masana, m'mwezi wa Januwale, mvula itangokata. Abambo anayala ukonde pabwalo kuti ausoke, kenaka anzawo anawaitana n'kupita kokamwa. Amayi anali ndi mbuzi imodzi imene anachoka nayo ku Chinguluwe, ndipo m'mawa umenewo anandituma kuti ndikaimange pa mtengo wa nthethe kuseri kwa nyumba. Ndinamanga mothamanga chifukwa anzanga ankandidikira ku fulaye. Chingwe chinamasuka. Mbuzi inalowa muukonde, inakodwa nyanga, ndipo pophiriphitha kuti ituluke inang'amba chibowo choti munthu wamkulu n'kudutsapo.

Abambo anafika maso ali psuu. Anaima pa ukondewo n'kuyang'ana chibowocho.

“Wamanga mbuziyi ndani?”

Amayi anali akuchapa matewera pambali pa khonde. Sanandiyang'ane n'komwe. “Ndine, abambo a Felista. Chingwe n'chakale, ndiye...”

Sanamalize. Abambo anatola nkhafi yopalasira bwato imene inatsamira pakhoma. Yoyamba inagwa pamsana. Yachiwiri amayi anaitchinga ndi mkono, ndipo ndinamva kulira ngati kuthyoka kwa phesi louma. Sindikudziwa chimene chinandinyamula. Ndinangozindikira ndili pakati pawo, ndikukuwa kuti, “Ndine ndinamanga! Ndine!” Yachitatu inali itanyamuka kale, ndipo inandipeza ine pakhutu la kumanzere.

Poyamba sindinamve kuwawa. Ndinamva chiphokoso chachikulu, kenaka zii mbali yonse ya kumanzere, ngati mmene zimakhalira ukamira m'madzi. Ndinali gone pamatope, ndikuona mapazi a anthu kuseri kwa mpanda wa bango. Oyandikana nafe anali atabwera ndithu, koma anaima komweko, pakuti za m'banja salowerera. Bambo wina anangoti, “Basi achimwene, mupha munthu.” Abambo anaponya nkhafi pansi n'kubwerera komwe anachokera. Sindikhulupirira kuti anatembenuka kuti aone amene wagwa.

Kutacha, mkono wa amayi unali utatupa ngati mtondo wa mwana wosewera, ndipo zala sizinkagwedezeka. Amayi anali atamenyedwa kambirimbiri osapita kulikonse, koma fupa lothyoka silimva madzi otentha ndi nsanza. Anthu onse ankadziwa kuti munthu wovulazidwa ndi mnzake amayenera kukhala ndi kalata ya kupolisi popita kuchipatala. Choncho ulendo wa kupolisi unabadwa chifukwa cha fupa, osati chifukwa chakuti wina anaganiza za chilungamo. Amalume anabwera kuti awaperekeze, ndipo ine anandiuza kuti ndipite nawo ndikabereke Madalitso, pakuti amayi sakanatha ndi mkono umodzi.

Ndikumanga mwana kumbuyo, amalume anaona khutu langa. Linali litafufuma, lakuda, ndipo m'kati munkatuluka madzi osakanikirana ndi magazi. Anandigwira chibwano n'kunditembenuzira kowala. Ndinaona nkhope yawo ikusintha, ndipo mumtima ndinati basi, lero abambo aona zakuda, mwini mbumba waona yekha. Ndinali wokondwa, ndisaname.

Anaima kanthawi akukanda ndevu. Kenaka anatembenukira kwa amayi.

“Chemwali, mumumange duku mwanayu.”

“Achimwene, khutulo likutuluka magazi. Bwenzi atamuona nayenso adokotala.”

“Tamverani. Za mkono wanuwu ndi za m'banja, tikambirana, zitha. Koma boma likaona kuti wavulaza mwana, mlamu salowa masiku awiri ayi, alowa zaka. Ndiye chilumba chikatsegulidwa bwato apalasa ndani? Anawa adya chiyani? Khoswe akakhala pamkhate sapheka, chemwali. Khutu la mwana limapola lokha.”

Amayi analira mosatulutsa mawu. Kenaka analowa m'nyumba n'kutenga duku lawo la kutchalitchi, loyera la maluwa abuluu. Anandigwaditsa, anaika kansanza pakhutupo, ndipo anamanga ndi dzanja limodzi, nsonga inayo akukoka ndi mano. Ndinkamva mpweya wawo pamutu panga. Anamanga mfundo ziwiri, zolimba.

Tinakwera matola, galimoto yodzaza madengu a usipa wouma, ndipo paliponse pamene inagunda dzenje mutu wanga unkang'anima. M'njira amalume anandiweramira kukhutu labwinolo. “Mayi wanga wamng'ono, akakufunsa, unali kumjigo. Mwana wolemekezeka salankhula za makolo ake pagulu. Wamva?” Ndinagwedeza mutu.

Kupolisi kunali kachipinda kapadera ka nkhani za m'mabanja. Amayi ndi amalume analowa, ine anandisiya pa benchi pakhonde, pakuti ana sakhala pa nkhani za akuluakulu. Ndinakhala pamenepo mwina maola awiri, ndikugwedeza Madalitso, ndikuyang'ana nyerere zikukoka phiko la chiwala pa simenti. Pansi pa duku pankatentha ndiponso kunyowa. Ntchentche zinayamba kundizungulira mbali imodzi yokha.

Kenaka chitseko chinatseguka, ndipo anatuluka mayi wapolisi, wonenepa, wa mawu ofatsa, atagwira pepala ndi cholembera. Amayi ndi amalume anali pambuyo pake. Atandiona anaseka.

“Iii, koma mayi wa mvano ameneyu! Duku lonseli ndi kutentha kuno?”

“Ali ndi zipere, bwana,” anayankha amalume mofulumira. “Tamumeta, ndiye akuchita manyazi.”

“Nanga zachitikazi, mwanayu analipo? Anaona?”

“Ayi, anali kumjigo. Ana onse ali bwinobwino. Ine ndine malume wawo, mwini mbumba, bwenzi nditanena.”

Mayi uja sanachoke msanga. Ndimamukumbukira chifukwa cha zimenezi, ndipo sindimuda. Anawerama, manja pamaondo, nkhope yake pafupi ndi yanga moti ndinamva fungo la sopo wake.

“Dzina lako ndani?”

“Felista.”

“Felista, zoona zimene akunena amalume akozi? Unali kumjigo?”

Ndinatsika pa benchi n'kugwada, mwana ali kumbuyo, maso pansi, monga ndinaphunzitsidwira kuyankha wamkulu. Kumanja kwanga ndinkaona nsapato za amalume. Kutsogolo ndinkaona mapazi a amayi, ong'aluka zidendene, chala chachikulu chikukanda simenti. Ndinkafuna kunena za mbuzi, za nkhafi, za mvula zonse zam'mbuyo, za tsiku limene ndinabisa mpeni wa nsomba m'nkhokwe. Koma kuti ndinene, ndinayenera kutcha amalume anga abodza iwo ali chiimire pomwepo, pamaso pa boma. Mwana wa zaka khumi ndi chimodzi woleredwa bwino sangathe zimenezo. Ndiye ndinachita chokhacho chimene ndinatha. Ndinapendeketsa mutu, n'kukhuza duku paphewa pang'onopang'ono, ndikupempha Mulungu kuti ligwe lokha, kuti aone yekha popanda ine kutsegula pakamwa. Koma amayi anga ankadziwa kumanga duku, ngakhale ndi dzanja limodzi.

“Eya,” ndinatero. “Ndinali kumjigo.”

Mayi uja anandisisita paphewa, anatulutsa chitumbuwa m'thumba la yunifolomu n'kundipatsa, ndipo analemba kenakake papepala lake. Kalata imene tinatuluka nayo inali ndi dzina limodzi, la amayi. Kuchipatala anawaika pulasitala, ine ndili panja pansi pa mtengo ndi mwana. Anamwino angapo anandidutsa, ndipo mmodzi anayamikira duku langa.

Apolisi anadzawatenga abambo Lolemba, ndipo anagona m'chitokosi masiku awiri. Masiku awiri amenewo abale a abambo sanatipatse mpata wopuma. Ankabwera mmodzimmodzi, kukhala pamphasa, kufunsa za mkono, kenaka n'kuyamba: banja ndi kupirira, mwamuna ndi mwana amalakwa, mkazi womangitsa mwamuna wake adzakwatiwa ndi ndani. Lachitatu amayi anapita ndi amalume kukathetsa mlandu. Amayi anandiuza pambuyo pake kuti mayi wapolisi uja anawafunsa katatu ngati aganiza bwino, nawauza kuti akhoza kupempha khoti kuti liletse abambo kuwayandikira. Amayi anati aganiza bwino, nkhani ikakambidwa ndi ankhoswe. Anadinda chala. Wodandaula anali mmodzi, ndipo mmodziyo anati wakhululuka.

Ankhoswe anakumana Loweruka lotsatira pabwalo pathu pomwe, pamene panagwera nkhafi. Ife ana anatithamangitsa kuti tikasewere. Ine ndinazemba n'kukabisala m'bafa la udzu kuseri, khutu lamanja nditaligunditsa kumpanda. Anakamba za mbuzi nthawi yaitali, ndipo anagwirizana kuti igulitsidwe. Anakamba za ukonde. Anakamba za mkono, abambo n'kuvomera kuti anapsa mtima mopitirira, kachasu ndiye anawalakwitsa. Anadzudzulanso amayi pang'ono kuti asamathamangire kuboma ankhoswe alipo. Ndinadikira kuti wina atchule dzina langa. Ndinadikira mpaka miyendo inachita dzanzi. Anthu asanu ndi awiri anakhala pamenepo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ndipo palibe anati, nanga mwana uja?

Chigamulo chinali tambala. Abambo anapereka tambala wofiira wa chipepeso, amayi anamulandira ndi dzanja limodzi atagwada, anthu anaomba m'manja, ndipo tambalayo anaphikidwa tsiku lomwelo. Kwathu mwana ankadya zipalapasiro ndi khosi, ntchafu zinali za akuluakulu. Koma tsiku limenelo amalume anandiitana pamene ankadyera, anatenga ntchafu yathunthu m'mbale yawo n'kundiika m'manja.

“Wakula iwe, mayi wanga wamng'ono,” anatero motsitsa mawu. “Wapulumutsa banja la amako. Munthu wosunga pakamwa amasunga mudzi. Udzandithokoza ukadzakula.”

Ndinadya ntchafuyo. Inali yokoma, ndipo ndimadzida ndikakumbukira kuti ndinanyadira. Amati mawu a akulu amakoma akagonera. A amalume agonera zaka zonsezi, ndipo sanakomebe.

Khutu silinapole lokha. Amayi ankalithira mafuta ophikira ofunditsa, kenaka madzi a masamba ena amene mayi woyandikana nafe anawapatsa. Linayamba kutuluka mafinya onunkha, moti kusukulu anzanga ankasuntha ndikakhala pafupi. Kuchipatala sitikanapita, poopa kuti afunsa chinachitika n'chiyani abambo ali pakhomo. Tinadikira mpaka chilumba chitatsegulidwa. Bwato litangonyamuka, amayi anandigwira dzanja ulendo wa kuchipatala, ndipo adokotala atafunsa, anayankha kuti ndinagwa mumtengo wa mango. Adokotala analemba zomwezo m'buku langa. Anaunika n'kunena kuti m'kati munang'ambika ndipo mwaola, tinachedwa. Anandipatsa mankhwala, mafinya anauma, koma kumva sikunabwerere.

Sukulu inandikanika pang'onopang'ono. M'kalasi la ana oposa zana, wa khutu limodzi amangoona milomo ya aphunzitsi ikugwedezeka. Ndinabwereza Sitandade 6, ndinabwerezanso 7, kenaka ndinasiya. Kunyumba zinthu zinapitirira monga kale. Chaka chilichonse mvula inkabwera, chilumba chinkatsekedwa, ndipo ankhoswe anakhalanso pabwalo paja kawiri kapena katatu. Tinadya atambala ena. Kupolisi amayi sanapitenso. Anamwalira ndili ndi zaka makumi awiri, ndi chifuwa, koma thupi lija linali litatha kalekale.

Tsopano ndimachapa nsalu zogonera pa loji ina ku Senga Bay. Ntchitoyi imandiyenera chifukwa nsalu siziyitana munthu. Zaka zitatu zapitazo, Lamulungu lina mapemphero atatha, kutchalitchi kwathu kunabwera mayi wina wodziwa malamulo, wa bungwe lina loyendera midzi. Ndinakhala kutsogolo, mbali yabwino nditaloza kwa iye. Ananena kuti mwana wa m'nyumba ya nkhanza si katundu wa mlandu wa mayi ake. Anati mwana wovulazidwa ndi wodandaula payekha, ndipo mayi kapena malume sangakhululuke m'malo mwake. Anati ngakhale amene sanakhudzidwe thupi koma amaona zonse, boma liyenera kumuteteza, ndipo pomufunsa ayenera kukhala payekha, abale ali kunja. Amayi ena ankagwedeza mitu, ena ankasinza. Zinthu zimenezi zinali ndi mayina, ndipo ine ndinakula ndikuganiza kuti ndi tsoka langa chabe.

Anthu atabalalika ndinamutsatira kugalimoto. Ndinamufotokozera zonse, koyamba m'moyo wanga, ndili chiimire padzuwa. Anamvetsera mpaka kumapeto osandidula. Kenaka anayamba kufunsa. Kodi pali pepala lililonse la kupolisi lokhala ndi dzina langa? Ndinati palibe. Buku la kuchipatala? Ndinati lilipo, koma limanena za mtengo wa mango. Mboni? Amayi anamwalira. Oyandikana nafe aja ena anafa, ena anasamuka, ndipo otsalawo ndi abale a abambo. Amalume alipo, ndi mkulu wa mpingo tsopano ku Chinguluwe, koma iwo ananena kale pamaso pa boma kuti ndinali kumjigo, ndipo ine ndinavomera ndi pakamwa panga.

Mayiyo sanandinamize, ndipo ndimamulemekeza pa chimenecho. Anati khomo silinatsekeke kwenikweni, ndikafuna akhoza kundiperekeza, koma ndidziwe kuti popanda umboni adzakhala mawu anga okha, ndipo ulendowo ndi wautali. Anandilembera nambala yake pakapepala. Ndinakasunga m'Baibulo miyezi ingapo, kenaka kanasowa, ndipo sindinakafunefune.

Chaka chatha abambo anafa ziwalo mbali imodzi. Bwato linali litagulitsidwa kale, Madalitso ali ku Joni ndipo samveka. Abale anakhala pansi n'kugwirizana kuti kholo limasamalidwa ndi mwana wamkazi. Sanandifunse, anangondiuza, ndipo anawabweretsa pa ngolo ndi kachikwama kawo. Ndiye ali kwanga. Ndimawasambitsa, ndimawatembenuza, ndimawachapira. Dzanja lija lamanja linapindika ngati phazi la nkhuku, silitha kugwira ngakhale supuni.

Mwezi wathawu, m'mawa wina ndisanapite kuntchito, ndinkawamwetsa phala pakhonde. Mwana wanga wamkazi, wa zaka zisanu ndi zinayi, anali pomwepo akupukuta nsapato za kusukulu. Abambo analankhula kenakake, ndipo monga ndimachitira nthawi zonse, ndinatembenuza mutu kuti ndimve.

“Iwe Felista,” anatero ndi lilime lawo lolemeralo, “bwanji ndikamalankhula umapotoza khosi chonchi?”

“Khutu ili silimva, abambo.”

“Linatani?”

Ndinawayang'ana m'maso, chinthu chimene sindinachitepo ndili mwana. Ndinkafuna kupezamo chipongwe, kapena manyazi, kapena mantha. Munalibe chilichonse. Ankafunsa moona, ngati munthu wofunsa za mvula ya kwina. Sanatembenuke tsiku lija, pa bwalo la ankhoswe sizinatchulidwe, ndipo palibe anawauzapo m'zaka zonsezi. Sankadziwa. Mwana wanga anali atasiya kupukuta nsapato, akudikira yankho nayenso. Panalibe amalume, panalibe bwato loti lipalasidwe, panalibe nkhafi, ndipo munthu amene ndinkamuopayo sakanatha kudzuka yekha pampando.

“Ndinadwala ndili mwana, abambo,” ndinatero.

Anagwedeza mutu mwachisoni. “Amako aja sankasamala ana.”

Ndinawapukuta pakamwa n'kutunga supuni ina.

Tsopano ndikumvetsa chimene chinasowa pakhonde la kupolisi lija. Sichinali chifundo, pakuti chifundo ndinalandira, cha chitumbuwa ndi cha ntchafu ya nkhuku. Chinasowa ndi munthu mmodzi woimira ine ndekha, wosadya za m'bwato la abambo, wosaopa kuti banja litha, woti anditengere m'chipinda, atseke chitseko, amalume ali kunja, n'kunena kuti tamasula dukulo tione. Onse amene mwambo unawapatsa pakamwa panga anali ndi china choti ataye ndikalankhula. Ndipo ndikudziwa kuti mvula ino, m'midzi ya m'mbali mwa nyanjayi, pali ana ena akhala pa benchi atabereka ang'ono awo, akuluakulu akuwayankhira m'kati. Sindikudziwa amene adzawafunse paokha. Mlandu umene sunalembedwe umafa pang'onopang'ono: mboni zimamwalira, ankhoswe amakalamba n'kukhala akulu a mpingo, ndipo pomaliza ngakhale woupalamula sadziwa kuti unalipo. Wa ine watsala ndi mboni imodzi yokha, ndipo mwamva nokha mmene imayankhira ikafunsidwa.